Maviza a ku Australia: 491 kapena 494, zonse zimakathera ku 191 koma mayendedwe ake ndi osiyana

Anthu akundifunsa funso lomweli pa WhatsApp, ena ali ku Lilongwe ena ku Joni, akuti achimwene tikufuna tibwere ku Australia ndiye tilimbane ndi viza ya 491 kapena 494? Ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Ine ndinabwera pa 494 ngati makaniko wa injini za dizilo, mlamu wanga mng'ono wawo wa akazi anga ndi nesi ndipo anabwera pa 491 ali ku Adelaide, ndiye zonse ziwiri ndaziona ndi maso.

Zofanana sindichedwapo. Onse ndi maviza a zaka 5, anayamba mu Novembala 2019, onse amafuna ukhale usanakwane zaka 45, skills assessment (kukuyeza ngati luso lako la ntchito likukwana) komanso mayeso a Chingelezi, pasipoti ya Malawi siimakupulumutsa ku IELTS kapena PTE. Medicare, chithandizo cha boma cha kuchipatala, mumapeza konse. Onse amafunanso mukhale ndi kugwira ntchito ku regional, ndipo mukamva kuti regional musaganize zakutchire, kwawo kuno regional ndi paliponse kupatula Sydney, Melbourne ndi Brisbane, ndiye Perth, Adelaide, Canberra, Hobart, Gold Coast monsemo mukhoza kukhala. Pakatha zaka 3 onse amakafika pakhomo limodzi la 191, yomwe ndi PR yeniyeniyo, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale.

Polowera 494 ndiyophweka, izi sindikana. Kulibe za mapointi, ukangokhala ndi zaka 3 ukugwira ntchito yakoyo ndiye wapeza kampani yokufuna basi nkhani yayenda. 491 imafuna mapointi osachepera 65, state (boma la chigawo) ikakusankha kapena wachibale wokhala ku regional akakuimira amakuwonjezera 15, koma umaponya EOI, fomu yoonetsa kuti ukufuna viza, pa webusaiti ya boma ya SkillSelect nkumadikira kuti akuitane osadziwa tsiku, mlamu wanga anadikira mpaka tinayamba kumuuza kuti angoyesa kwina.

Koma zaka zitatu zapakatizo, abale, ndi pamene pali nkhani. Pa 494 viza yako ili m'manja mwa bwana. Lamulo lake limati ugwire ntchito yomwe anakulembera ija, kwa sponsa yemweyo basi, ndipo mabwana ena amadziwa bwino kuti sungangonyamuka. Aliyense amene anaonapo matenanti pa esiteti ya fodya ku Kasungu andimvetsa, pakhomo mpa mwini, chakudya ncha mwini, ukadandaula akuti njira ndi iyo. Kumene ndinayambira ine miyezi yoyamba zinali bwino, kenako ovataimu inayamba kusowa pa payslip, Loweruka ndili pansi pa thiraki mafuta ali chuchuchu m'manja mpaka m'zigongono koma maola amenewo osaoneka paliponse. Nditafunsa mwaulemu anandiyankha kuti ndikumbukire ndalama zimene anawononga pondibweretsa, ndipo patapita nthawi anayamba kunena zoti azindidula pang'onopang'ono pamalipiro kuti abweze. Mumve bwino apa, ndalama ya SAF levy, yomwe kampani imapereka ku boma ikamasponsa munthu, madola a ku Australia 3,000 kwa kampani yaing'ono ndi 5,000 kwa yaikulu, pamodzi ndi zonse za sponsorship ndi nomination (pempho la kampani ku boma lokulembera ntchitoyo), amalipira ndi bwana, ndipo kukuuza kuti ubweze ndi mlandu. Ine ndinkadziwa zimenezo koma kudziwa lamulo ndi china, kuliyankhula pamaso pa munthu amene wagwira tsogolo la ana ako ndi chinanso.

Nthawi imeneyo ukasiya ntchito unali ndi masiku 90 okha kuti upeze sponsa wina, ndipo sikungopeza ntchito ayi, kampaniyo ikhale yovomerezeka kusponsa, iponye nomination yatsopano, a Regional Certifying Body aonenso ngati malipiro ali oyenera, mtauni yaing'ono momwe magalaja ake onse amadziwana ndipo amamwera limodzi. Ndinkagona ndikuwerengera masiku a ntchito yomwe sindinasiye nkomwe. Ndinapeza bwana wina wabwino, mpaka lero ndimamulemekeza, koma mtima unali utawawa kale. Kuyambira pa 1 Julaye 2024 anasintha, pano ndi masiku 180 nthawi imodzi, osapitirira 365 pa viza yonse, ndipo umaloledwa kugwira kwina podikirapo. Zachepetsako mantha, koma chingwe chija chikadalipo.

Mlamu wanga zonsezi sanazione. Pamalo pomwe anayambira mashifiti sankamuyendera bwino, anangolemba kalata nkupita kwina mwezi womwewo, palibe anamuopseza, chifukwa 491 imakumanga kudera basi, bwana alibe nawe gawo. Ukhoza kugwira ntchito ziwiri, kuyamba kabizinesi, ngakhale kugwira yosiyana ndi ya pa satifiketi yako. Kuipa kwake nkoti umatsika ndege ulibe ntchito, lendi ikudya ndalama zomwe wabwera nazo, pamene pa 494 malipiro ali ndi mlingo wake wosatsika, anali madola 70,000 pachaka kuyambira Julaye 2023 ndipo akhala akukwera. Kwa munthu wa banja lalikulu chimenecho sichaching'ono.

Pali ndalama zina zomwe ma agent satchula ndipo zimaluma mbali zonse mofanana. Child Care Subsidy simupeza mpaka PR, ndiye mwana wamng'ono kukamusiya ku daycare mumalipira mtengo wonse, ife akazi anga anachita kukhala pakhomo kaye chifukwa malipiro awo akanangothera komweko. Mwana wofika pa yunivesite amamuwerengera ngati wakunja. Mkazi kapena mwamuna wanu akapanda kuonetsa functional English palinso ndalama yachiwiri ya madola pafupifupi 4,900, ndiye alembe mayesowo mukadali kumudzi.

191 yeniyeniyo siyovuta ngati mmene anthu amaopsezerana. Simufuna sponsa, simufuna state, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi viza yoyamba ija. Kunamveka mphekesera zoti uzilandira madola 53,900 pachaka, koma boma linanena kuti palibe mlingo wa malipiro, chomwe akufuna ndi ma notice of assessment, makalata a msonkho ochokera ku ATO, bungwe la misonkho kuno, a zaka zitatu zamsonkho, ndipo chaka chamsonkho kuno chimayamba pa 1 Julaye nkutha pa 30 Juni. Sungani lease, mabilu a magetsi, ma payslip, makalata a sukulu ya ana, chilichonse choonetsa kuti mumakhala ku regional, mukasamuka nyumba kapena kusintha ntchito adziwitseni a Home Affairs, omwe amaona za maviza, pasanathe masiku 14. Musathamangire ku Sydney poti mwaponya kale 191, dikirani ituluke kaye. Komanso dziwani kuti mukalowa 491 kapena 494 simungadumphire ku maviza ena a PR monga 189, 190 kapena 186 zaka zitatuzo zisanakwane.

Ndiye mukandifunsa ine, ngati mapointi anu akukwana kuti mupeze viza ya 190 tengani imeneyo, ndi PR kuyambira tsiku loyamba. Ngati ayi, 491, ngakhale mudikire chaka. 494 ndingamuuze munthu amene zaka 45 zamuyandikira kapena mapointi akumukana, ndipo asanasaine kalikonse ayambe wayankhula ndi munthu wina amene anasponsedwapo ndi kampani yomweyo, makamaka amene anachokako.