Malo osungira katundu kum'mwera kwa Joni: nyenyezi 4 pa 5, koma aganizire alonda a usiku

Ndinasunga katundu wanga pamalowa kuyambira Meyi mpaka Disembala 2023. Ndikulembera makamaka abale anga a ku Malawi amene mukusonkhanitsa katundu wotumiza kumudzi pomwe mukukhala m'kachipinda kamodzi ngati ine. Ndimakhala ku Rosettenville, ntchito yanga ndi yosoka. Chaka chimenecho ndinagula firiji, sofa, makina awiri osokera, mabulangete ndi makatoni a ziwiya zoti zipite kwa mayi anga ku Balaka, ndipo m'nyumba munalibenso poponda. Ndinachita lendi chipinda cha mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, chokhala ndi chitseko cha chitsulo chokokera m'mwamba.

Polembetsa anandifunsa pasipoti ndi umboni wa komwe ndimakhala, kenako anandipatsa nambala yanga yachinsinsi yotsegulira geti. Mpanda ndi wamagetsi, makamera ali pageti ndi m'tinjira tonse ta mkati. Loko umagula wekha ndipo kiyi umasunga wekha. Mayi wa muofesi anandiletsa kugwiritsa ntchito loko amene ndinabwera naye, akuti chodulira zitsulo chimamudula ngati nzimbe. Anandionetsa loko wozungulira ngati kambale, yemwe chitsulo chake chimabisika moti chodulira sichipeza pogwira. Ndinkaganiza kuti akungofuna ndalama, koma nditaona mmene amakhalira pachitseko ndinagula.

Tsiku lolowetsa katundu ndi limene tinakangana. Ndinali ndi silinda ya gasi yodzadza, chigubu cha palafini ndi batire ya sola, zonse zoti zipite kumudzi. Mnyamata wothandiza kutsitsa katundu, yemwe ndinazindikira kuti ndi wa kwathu atangoyankhula, wa ku Mangochi, anaziika pambali. "Achemwali, izi sizilowa," anatero. Ndinamuchonderera m'Chichewa, ndikuyesa kuti poti ndi mwana wa kwathu adzatsinzina. Anakana mwaulemu, nandiuza kuti m'nyengo yotentha zipinda za malatazo zimasanduka ng'anjo, ndipo gasi akangotuluka pang'ono m'chipinda chopanda windo, katundu wa anthu onse a mzere umenewo watha, mwinanso iyeyo pamodzi. Ndinabwerera nazo kunyumba ndili wokwiya, ndipo ndinalipiranso galimoto kachiwiri.

Mu Julaye kunabweranso nkhani ina. Mlamu wanga anafika kuchokera kumudzi wopanda pogona, kunja kukuzizira mmene Joni amazizirira nyengo imeneyo. Ndinakapempha kuti agoneko masiku atatu m'chipinda changa chosungira katundu, poti sofa inalimo kale. Anakanitsitsa. Bwana wa pamalopo sanandinyoze, anangonditengera kuchipindako, natsitsa chitseko tili panja, nandifunsa kuti munthu ali mkati angatuluke bwanji moto utabuka usiku, nanga mpweya aupeza kuti. Ndinachoka ndikung'ung'udza kuti anthuwa alibe chifundo.

Pa 31 Ogasiti chaka chomwecho, nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mumsewu wa Albert, inapsa usiku ndipo anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo a ku Malawi. Tonse amene tinali kuno tikukumbukira m'mawa umenewo, mafoni akulira kuchokera kumudzi, aliyense kufunsa ngati mwana wake ali moyo. Mkati mwa nyumbayo anthu anali atamanga tizisakasa ta matabwa, ndipo ambiri analephera kupeza potulukira. Sabata yotsatira nditapita kukaika katoni ina, ndinayamba kuyang'ana zinthu zomwe kale ndinkangozidutsa. Ndinaima pa botolo lofiira lozimitsira moto n'kuwerenga kapepala kake: tsiku limene analiunika komaliza linali la chaka chomwecho, ndipo kamuvi kanali pamalo obiriwira. Ndinayendera mabotolo onse a mzere wathu, onse anali choncho. Pakhoma pali chithunzi chosonyeza potulukira, ndi manambala 10111 a apolisi ndi 10177 a ambulansi. Ndinapita kwa mnyamata wa ku Mangochi uja kukamupepesa. Iye anangoseka n'kunena kuti, "Palibe kanthu achemwali, ambiri amatukwana kuposa apo."

Tsiku lomwelo ndinapezanso cholakwika. Khomo lotulukira pangozi, lomwe lili kumapeto kwa kanjira kathu, linali litatsekedwa ndi matiresi awiri ndi mapaleti osweka amene munthu wina anasiya posamuka. Ndinayesa kukankha, silinasunthe. Mtima unagunda, chifukwa ndinali nditangomva kumene za anthu amene anafera pamakomo otsekeka. Ndinakanena kuofesi, ndipo nditabwera patapita masiku awiri ndinapeza achotsa, apentanso mzere wachikasu pansi kuti pasamaikidwe chinthu. Ndikuwayamikira pa changu chimenecho, komabe sizinayenera kudikira kasitomala kuti aone. Munthu wa pamalopo amayenera kuyendera makomo amenewo tsiku ndi tsiku.

Chimene chachotsa nyenyezi yachisanu ndi nkhani ya alonda. Chaka cha 2023 magetsi a Eskom ankathimathima pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina kangapo pa tsiku. Pamalowa pali mabatire osungira mphamvu ya geti, makamera ndi mpanda, ndipo zimenezo sizinaime ndili pompo. Koma nyale za panja zinkazima. Tsiku lina ndinachedwa, ndinatuluka kutada magetsi atathima, ndipo ndinapeza mlonda mmodzi yekha, bambo wachikulire wa ku Limpopo, atakhala m'kanyumba ka pageti ndi tochi ya pafoni yake. Kanyumbako windo lake linali losweka, atatsekapo ndi katoni. Anali ndi wailesi yolumikizirana ndi anzake komanso kabatani koitanira galimoto ya achitetezo, ndipo anandionetsa kadi lake la PSIRA, bungwe limene limalembetsa alonda m'dziko muno. Zonsezo n'zabwino, koma akamazungulira kuseri kwa zipinda amakhala yekha mumdima, pageti palibe munthu. Atagwa kapena kumenyedwa kuseriko, angadziwe ndani kusanache? Bamboyo anandiperekeza mpaka pamsewu, naima nane kufikira galimoto yomwe ndinaitanitsa itafika. Sanali wokakamizidwa kutero. Kampani imene imatolera lendi kwa anthu ambirimbiri ingathe kugula nyale za sola, kukonza windo limodzi ndi kuika alonda awiri usiku. Ndinalemba zimenezi m'buku la madandaulo. Pamene ndinkachoka mu Disembala windo anali atakonza, koma mlonda anali adakali mmodzi.

Anyamata onyamula katundu ali ndi nsapato zolimba ndi magolovesi, ndipo pali ngolo zokankhira zinthu zolemera. Firiji yanga anaimanga ndi lamba pangolo, sanaisenze pamsana. Ana saloledwa kuthamanga m'tinjira chifukwa magalimoto amalowa cham'mbuyo, choncho wanga ndinkamusiya paofesi.

Za mvula ndi makoswe ndinene mwachidule. Chakudya n'choletsedwa, ngakhale thumba la ufa kapena mpunga, ndipo m'makona muli timabokosi ta mankhwala a makoswe totsekedwa bwino. Sindinapeze ndowe ya khoswe ngakhale imodzi. Mu Novembala kunagwa chimvula cha matalala ndipo madzi analowa pang'ono pansi pa chitseko. Katundu wanga anapulumuka chifukwa mnyamata uja anandilangiza pachiyambi kuti ndiyale mapaleti pansi, katoni isagunde simenti. Katoni imodzi ya zitenje yomwe ndinaiika pansi mothamanga ndiyo inanyowa kunsi, moti ndinakaziyanika kunyumba.

Werengani mgwirizano musanasayine. Wanga unalembedwa momveka kuti katundu akapsa, akabedwa kapena akanyowa, kampani silipira pokhapokha mutatenga inishuwalansi. Ine ndinaitenga mochedwa, mu Seputembala, moto wa ku Marshalltown utandiopsa. Jambulaninso katundu yense pafoni ndi kusunga malisiti, adzakuthandizani pa inishuwalansi komanso pamalire.

Tsiku lotulutsa katundu, thiraki ya transipota yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza inaloledwa kulowa nditapereka nambala yake ndi dzina la dalaivala kuofesi, ndipo anandiyang'ananso pasipoti ngakhale nkhope yanga ankaidziwa bwino. Loko ndinamupeza mmene ndinamusiyira. Firiji inafika ku Balaka Khirisimasi isanakwane, ndipo mayi akuigwiritsa ntchito. Chaka chino ndikufuna kusonkhanitsa mafelemu a mawindo ndi zitseko za nyumba yomwe ndikumanga, ndipo ndibwereranso pamalo omwewa. Ndikakafika ndikayamba ndafunsa ngati bambo a ku Limpopo aja anawapezera mnzawo wolondera naye usiku.