Miyezi 11 chipezereni instrument rating ndi multi-engine ku Gauteng: maphunziro abwino, koma ndege inali imodzi

Sabata yatha sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege imene ndinaphunzirako yanditumizira kalata yondikumbutsa kuti instrument rating yanga, chilolezo chouluka poyendera zipangizo za mundege zokha, itha mphamvu mwezi wamawa, poti ku South Africa imakhala miyezi 12 kenako munthu amayesedwanso. Pansi pa kalatayo aikapo ngongole ya maola 1.4 imene akuti inatsala chaka chatha. Tsiku lomwelo mng'ono wa mnzanga wa ku Lilongwe, amene ali kale ndi PPL, laisensi yoyamba yoyendetsera ndege mosalipidwa, wandifunsa ngati angapite kusukulu yomweyo. Ndiye ndatulutsa logbook ndi ma invoice onse kuti ndiyankhe ndikuona manambala.

Zimene zinayenda bwino sizifuna mawu ambiri. Maphunziro a m'kalasi anali okwanira kukhoza mayeso a SACAA, bungwe loona za ndege ku South Africa, amene amafuna 75 peresenti. Ndege za injini imodzi za Cessna 172 zinalipo zingapo, ina ikapita kwa amakaniko ina imapezeka. Simulator, makina oyeserera kuuluka uli pansi, sinafepo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo ndi mmene muli phindu lenileni. Muyezo wa ICAO, bungwe la za ndege la dziko lonse, umafuna maola 50 a ulendo wautali uli woyendetsa wamkulu wa ndege, ndi maola 40 oyendera zipangizo zokha, ndipo gawo lina la maola 40 amenewo limaloledwa kuchitikira pansi, mu simulator. Mmenemo mlangizi amaimitsa chilichonse pakati pa holding (kuzungulira m'mwamba podikira kutera) n'kukuonetsa pamene mphepo yakukankhira, ndipo ILS (kutsikira kubwalo motsogozedwa ndi zipangizo) umaibwereza kasanu pa ola limodzi mpaka kuwerengera kolowa m'mutu: pa glide slope (njira yotsikira) ya madigiri 3, liwiro la ndege poyerekeza ndi nthaka, m'ma knot, kuchulukitsa ndi 5 ndiye mafiti otsika pa mphindi, choncho ma knot 100 ndi mafiti 500. Mundege yeniyeni pabwalo la ndege la Lanseria, ola lomwelo umachita ma approach (kutsikira kubwalo) awiri kapena atatu, ndipo iliyonse ili ndi chindapusa chake cha bwalo.

Chinthu chimodzi chokha muchidziwiretu: m'nyengo yozizira kumwamba kwa Gauteng kumakhala mbee, ndipo m'dzinja mitambo imene imabwera masana ndi ya mabingu, yosalowamo. Ambiri amamaliza instrument rating atavala magalasi ophimba maso okha, asanalowe mumtambo weniweni kupitirira mphindi zochepa.

Tsopano za multi-engine, ndiye kuti ndege ya injini ziwiri. Inali Piper Seminole, ya injini za Lycoming O-360 za mahatchi 180 iliyonse, ndipo sukulu yonse inali nayo imodzi yokhayo. Kotesheni inalemba maola 6 a multi-engine ndi maola 10 a instrument pa ndegeyo, m'masabata atatu. Logbook ikuonetsa maola 23.1 m'masabata 11.

Vuto lake linali nyali ya tayala la kumanzere. Matayala a Seminole amagwiridwa m'mwamba ndi mphamvu ya hydraulic, ndipo akatsika n'kukhoma, nyali zitatu zobiriwira zimayaka. Kanayi konse zinayaka ziwiri zokha. Zikatero sulingalira, umatsata ndondomeko. Umayamba waona ngati nav lights (nyali za kunja kwa ndege) zili zozimitsa, chifukwa zikayaka nyali zobiriwirazo zimazilala ndipo masana zimaoneka ngati zafa. Umasinthanitsa mababu kuti uone ngati ndi babu chabe. Umaona ma circuit breaker, n'kukweza matayala ndi kuwatsitsanso. Zikakanika umachepetsa liwiro kufika pansi pa ma knot 100 n'kukoka chotsitsira cha ngozi, chimene chimataya mphamvu ya hydraulic kuti matayala agwe okha ndi kulemera kwawo. Kagalasi kali pa injini ya kumanzere kamangoonetsa tayala la kutsogolo, la m'mbali ayi, ndiye umadutsa pafupi ndi nsanja kuti akuonere, ngakhale iwo sangatsimikize kuti lakhoma.

Maulendo onse anayi tayala linali lokhoma bwinobwino. Cholakwika chinali ka microswitch ka pa tayalalo, kamene amakaniko anakasuntha kawiri, anakapukuta kamodzi, ndipo anakasintha pa ulendo wachinayi, chipangizo chatsopano chitadikiridwa masiku 9. Ndege itangotuluka, maola 100 a MPI, kuunika ndege kolamulidwa, anakwana, inabwereranso kwa amakaniko. Kuimitsa ndege sikunali kulakwa, ndipo mlangizi amene akanapitiriza kuphunzitsa kutera ndi injini imodzi nyali isakuyaka ndikanamuthawa. Chimene chikundiwawa mpaka lero ndi mmene anawerengera. Amalipiritsa pa Hobbs, wotchi imene imayamba injini ikangolira, choncho theka la ola lozungulira bwalo kulimbana ndi nyali analilemba ngati phunziro. Komanso ukakhala masiku 10 osauluka, phazi limaiwala, phunziro lapitalo umalibwereza ndi ndalama zako.

Ndikafika pa mlangizi mtima umatsikako, chifukwa anaphunzitsa chinthu chimene mabuku amangochidutsa. Injini imodzi ikafa umataya theka la mphamvu, koma kukwera kumatsika ndi pafupifupi 80 peresenti. Seminole yodzaza imakwera bwino ndi injini imodzi mpaka mafiti pafupifupi 3,800 okha. Lanseria ili pa mafiti 4,500, ndipo kukatentha madigiri 30 ndege imamva ngati ili pa mafiti 7,400, chifukwa digiri iliyonse yoposa muyezo wa kutentha wa malo okwera chotero imawonjezera mafiti pafupifupi 120. Tanthauzo lake n'lakuti injini ikafa utangonyamuka, ndegeyo sikwera, ikutsika, ndipo ntchito yako ndi kusankha potera. Tisananyamuke ankafuna ndinene mokweza manambala atatu: mzere wofiira pa ma knot 56, pamene rudder (chiwongolero cha kumchira choponda ndi mapazi) imaleka kugwira ndege injini imodzi itafa, 82, liwiro lochepetsetsa limene iye angadulire injini dala, ndi mzere wabuluu pa 88, liwiro lokwera bwino koposa ndi injini imodzi. Kenako dongosolo lake injini ikafa: zogwirira za mixture, propeller ndi throttle kutsogolo, flaps ndi matayala m'mwamba, phazi limene silikugwira ntchito ndiye mbali ya injini yakufa, kutsimikiza pobweza throttle yake, ndiyeno feather, kutembenuza masamba a propeller kuti asagwire mphepo, injiniyo isanatsike pansi pa 950 RPM, chifukwa ikatsika tizitsulo totchinga timagwira ndipo propeller sitembenukanso. Kupendekera pang'ono ku injini yamoyo, osapitirira madigiri 5, ankakuonetsa pa singano ya kukwera, kuti uone ndi maso mafiti amene umawataya ukauluka mapiko ali chimodzimodzi. Kwa amene adzaulukire kwathu izi n'zofunika, poti bwalo la Kamuzu ku Lilongwe nalo lili pa mafiti pafupifupi 4,000, ndipo mu Okutobala kumatentha.

Ku ofesi ya ndalama ndi kumene zinthu zinavuta. Dipoziti amafuna ya kosi yonse, ndipo ukalipira mawu ako amapepuka. Kotesheni sinatchule ndalama ya woyesa, kubwereka ndege pa tsiku la mayeso, zindapusa za mabwalo, ndi ndalama yowonjezera ya mafuta imene inabwera pakati pa kosi mafuta a ndege a avgas atakwera. Mlendo ali ndi zinanso: lendi ya masabata 8 osayembekezera, ndi visa ya maphunziro imene sidikira amakaniko. Makalata atatu ofunsa za maola a nyali aja sanayankhidwe mpaka nditakaonana ndi mkulu wa alangizi ndi logbook m'manja.

Ndiye achimwene mwafunsa inu, yankho langa lili pawiri. Simulator, kalasi ndi maola a Cessna, pitani, sindikukayika. Za multi-engine musalipire musanaone ndi maso ndege ziwiri za injini ziwiri zili pabwalo, ndipo funsani kuti iliyonse yatsala ndi maola angati kuti ilowe MPI. Lipirani maola asanu asanu. Pemphani alembe papepala kuti ulendo wodulidwa ndi vuto la ndege salipiritsa, kuti mtengo ndi wa Hobbs kapena tacho (wotchi yoyendera liwiro la injini), ndi kuti ndalama yotsala amabweza m'masiku angati. Ngati akana kulemba, multi-engine mukachitire kwina.

Maola 1.4 aja ndawapeza: ndi ulendo wachitatu ndi wachinayi wa nyali, 0.6 ndi 0.8. Ndawatumizira zithunzi za masamba a logbook pamodzi ndi masiku amene ndege inalowa kwa amakaniko. Akawachotsa, mayeso a mwezi wamawa ndikachitira komweko ndi mlangizi yemwe uja. Akawasiya, ndalipeza kale bwalo lina.