Moodle pophunzitsa antchito: zina pafoni, zina m'kalasi

Mabungwe ambiri kuno kwathu anazolowera kuti maphunziro a antchito ndi sabata yathunthu ku Mangochi kapena ku Salima. Kulipira holo, chakudya, mayendedwe ndi maalawansi, kwinaku ntchito kuofesi yaima. Chodandaulitsa n'chakuti nthawi yambiri imathera powerengera anthu zinthu zimene akanatha kuwerenga okha. Maphunziro osakaniza amagawa katunduyu pawiri: zowerenga, zomvera ndi mayeso aafupi zimapita pafoni, pomwe zofuna manja ndi maso a mphunzitsi zimatsalira tsiku lokumana. Pulogalamu imene ambiri amayamba kuiganizira pa ntchitoyi ndi Moodle, ndipo ndiyo tikuiunika pano.

Moodle anaiyambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia ndipo inatuluka mu 2002. Ndi yaulere, aliyense atha kuiika pa seva yake, kompyuta imene imasunga webusaiti. Uleretu umenewu umathera pa pulogalamu yokhayo. Seva, dzina la webusaiti ndi munthu woisamalira zonse n'zolipira. Amene alibe katswiri wa makompyuta atha kulembetsa ku MoodleCloud, komwe eni ake amakusungirani chilichonse pamtengo wa pachaka, koma kumeneko simungawonjezere mapulagini, timapulogalamu towonjezera ntchito za Moodle, mwakufuna kwanu, ndipo muona m'munsimu kuti mapulaginiwo ndi amene amalumikiza kalasi ndi foni. Palinso Moodle Workplace, yopangidwira makampani, imene imapezeka kudzera mwa makampani ovomerezedwa ndi Moodle okha. Bungwe la antchito mazana angapo lingayambe ndi yaulereyo bwinobwino.

Chimene chimaipatsa Moodle mphamvu pa maphunziro osakaniza ndi zinthu ziwiri zotchedwa Activity completion ndi Restrict access. Choyamba chimalemba amene wamaliza gawo, chachiwiri chimatseka gawo lotsatira mpaka loyambalo litatheka. Tiyerekeze ndi maphunziro a kuzimitsa moto kwa antchito a m'nyumba yosungira katundu. Sabata ziwiri tsiku lokumana lisanafike, mumatsegula magawo anayi aafupi: mitundu ya moto, mitundu ya zozimitsira, njira zothawira, ndi amene amaimbiridwa foni. Gawo lililonse lisapitirire mphindi 10. Pamapeto pali mayeso a mafunso 10, ndipo mumaika kuti wokhoza apeze 8. Yekhayo amene wakhoza ndi amene amatha kuona tsamba lolembetsera tsiku lokumana. Patsikulo mphunzitsi sabwerezanso za papepala. Amatuluka nawo panja, aliyense n'kugwira chozimitsira, kusolola pini, kulozetsa m'munsi mwa moto. Akamaliza amachonga mayina pa pulagini ya Attendance, ndipo setifiketi ya pa pulagini ya Custom certificate imatseguka kwa okhawo amene anakhoza mayeso komanso anabwera. Mukapanda kumanga unyolo umenewu, anthu amafika m'kalasi asanatsegule n'komwe foni, mphunzitsi n'kuyambanso pachiyambi, ndiye kuti mwalipira kawiri.

App ya Moodle, ya pa Android ndi iPhone, ndi imene imapangitsa kuti zonsezi zitheke kwa wantchito wa ku Chitipa kapena ku Nsanje. Munthu amachita dawunilodi kosi ali pa Wi-Fi ya kuofesi, n'kumakaphunzira kunyumba popanda bandulo. Netiweki ikabwera, app imatumiza yokha zimene wachita. Izi zimagwiradi, koma pali misampha ingapo imene wokonza kosi ayenera kuidziwa asanayambe.

Mayeso sayankhika popanda intaneti pokhapokha mutachonga malo olola zimenezo pokonza mayesowo. Malowo sachongeka ngati mayeso ali ndi malire a nthawi, kapena ngati amaonetsa yankho pa funso lililonse pompopompo. Muyenera kusankha Deferred feedback, kutanthauza kuti zotsatira zibwera pamapeto. Ndipo poti kuchonga kumachitikira pa seva, gawo lotsekedwa lija silitseguka mpaka foni italumikizana ndi intaneti. Wantchito amene wamaliza mayeso Loweruka kumudzi amaona ngati pulogalamu yafa, pomwe ikungodikira netiweki. Auzeni zimenezi tsiku loyamba. Komanso musatseke gawo lililonse ndi linzake. Loko mmodzi, pakhomo la tsiku lokumana, ndi wokwanira.

Mavidiyo nawo amavuta. Vidiyo ya pa YouTube imene mwangoikapo linki siilowa m'foni pa dawunilodi, imafuna intaneti nthawi zonse. Iyenera kukwezedwa pa Moodle penipeni ngati fayilo. Vidiyo yojambulidwa ndi foni yamakono imakhala yolemera kwambiri, choncho ichepetseni kaye ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake. Ya mphindi 5 pa 360p ndi liwiro la 500 kbps imakwana pafupifupi 19 MB, ndipo pakafoni imaoneka bwino ndithu. Mawu okha a mphindi 10 pa 64 kbps sakwana n'komwe 5 MB. Pa nkhani zambiri, monga malamulo a kampani kapena kalandiridwe ka makasitomala, mawu a m'Chichewa ndi zithunzi zitatu zinayi zimaposa vidiyo. Fayilo ikakana kukwera, kawirikawiri vuto silikhala la Moodle koma malire a PHP pa seva, upload_max_filesize ndi post_max_size, amene woyang'anira seva ayenera kuwakweza.

Pomwe Moodle imatopetsa kwambiri ndi polowetsa anthu. Mutha kukweza mayina onse kamodzi ndi fayilo ya CSV, tebulo la mayina longa la mu Excel, yokhala ndi username, firstname, lastname ndi email, ndipo mukawonjezera course1 ndi group1 aliyense amagwera m'kosi ndi m'gulu lake. Koma imelo ndi yokakamiza, pomwe madalaivala, alonda ndi onyamula katundu ambiri alibe, kapena anaitsegulitsa pogula foni n'kuiwala pasiwedi. Ena amangopeka maimelo abodza kuti fayilo idutse. Imadutsadi, koma munthu akaiwala pasiwedi uthenga woisinthira umapita kumalo kosakhalako, ndiye aliyense amathamangira kwa wa IT. Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito nambala ya wantchito ngati username, ndi kupatula ola limodzi loti anthu aike app, alowe, achite dawunilodi gawo loyamba muli nawo pompo. Ola limeneli musalidumphe ngakhale nthawi itachepa bwanji.

Mabatani ndi mamenyu amabwera m'Chingerezi, koma zophunzira ndi mafunso mutha kulemba m'Chichewa kapena m'Chitumbuka popanda vuto. Za kuonerana mayankho, dziwani kuti tsiku lachiwiri lisanathe mayankho adzakhala ali pagulu la WhatsApp. Lembani mafunso 40 mu Question bank, mayeso azitola 10 mwachisawawa, ndipo musakanize ndondomeko ya mayankho. Otsalawo adzagwidwa tsiku lokumana, chifukwa amene anakopera amaoneka akangogwira chida.

Kuyambira pa Moodle 4.0, imene inatuluka mu 2022, muli BigBlueButton yochitira kalasi ya pavidiyo. Ife sitiilimbikitsa ngati msana wa maphunziro. Imafuna seva yakeyake yamphamvu, imadya bandulo, ndipo magetsi akazima kunthambi imodzi theka la kalasi limasowa. Ikhale ya mafunso ndi mayankho kwa mphindi 30, makamera atazimitsidwa.

Kumbali ya seva, cron, kapulogalamu koyendetsa ntchito za kuseri za Moodle, iyenera kuyenda mphindi iliyonse. Ikaima, maimelo satuluka ndipo kumaliza kosi sikulembedwa, anthu n'kumadandaula kuti anamaliza koma dzina lawo silikuoneka. Webusaiti ikhale ya HTTPS, ndipo muonetsetse kuti Web services for mobile devices ndi yotsegula, apo ayi app siilumikizana. Moodle imatulutsa mtundu watsopano kawiri pachaka. Musathamangire uliwonse; khalani pa mtundu wa LTS, umene eni ake amausamalira kwa nthawi yaitali, monga 4.5, ndipo musanakweze onani ngati Attendance ndi Custom certificate zikugwirizana nawo. Pa pulani yaulere ya app, mauthenga okumbutsa amafika pa mafoni 50 okha pamwezi, choncho bungwe lalikulu lidalire WhatsApp kapena lilipire.

Chimene Moodle yaulere ilibe, ndipo a HR, oyang'anira antchito, amachifunsa msanga, ndi kubwereza setifiketi pakatha chaka ndi lipoti loti bwana aliyense aone anthu ake okha. Mu Workplace zimenezi zilimo kale. Mu yaulere mumazemba poika nthambi iliyonse ngati gulu, bwana wake n'kumupatsa udindo wa Non-editing teacher, ndi kuwonjezera pulagini ya Course recompletion. Zimayenda, koma zimafuna munthu woleza mtima.

Kwa bungwe lokhala ndi nthambi zotalikirana, maphunziro obwerezedwa chaka ndi chaka, ndi munthu mmodzi wopatsidwa nthawi yeniyeni yoisamalira, Moodle ndi yoyenera. Kampani ya anthu 20 a muofesi imodzi isadzivutitse: mafayilo a PDF pa WhatsApp, mafunso pa Google Forms ndi masana amodzi okumana zikwanira.