DAG, Veeam, cloud kapena tepi: bakapu ya seva ya imelo kuno ku Mzuzu

Anzanga a IT, tikamati bakapu ya imelo timasakaniza zinthu zinayi zosiyana, ndipo ambiri timagula chimodzi n'kumagona tulo ngati tagula zonse. Ndikunena seva yeniyeni yokhala ndi ma mailbox masauzande, kaya ikuyendera pulogalamu ya Exchange, kaya Zimbra, kaya Postfix ndi Dovecot, osati ka Gmail ka bwana mmodzi ayi.

DAG (Database Availability Group) ya Exchange, gulu la maseva okoperana imelo, ndi imene anthu amainyadira kwambiri. Inabwera ndi Exchange 2010, imalola maseva mpaka 16, database iliyonse imakhala ndi makope pa maseva anzake ndiye imodzi ikafa ina imanyamula ntchito pompopompo, a ku accounts amangoona Outlook yaphethira basi. Pa disiki yofa kapena UPS (batire yothandiza magetsi akazima) yopsa palibe choposa pamenepo. Koma DAG siyisankha, imakopera zabwino ndi zoipa zomwe. Wina akafufuta mailbox, kufufutako kumafikanso ku makope onse. Pali lagged copy yomwe imatsalira m'mbuyo mpaka masiku 14, bho ndithu, koma nayo ili pa domain (netiweki ya Windows yogawana maakaunti) yomweyo ndi pasiwedi ya admin yomweyo, ndiye wa ransomware, wakuba wotseka mafayilo n'kumafuna dipo, akalowa ngati admin amakolola zonse tsiku limodzi. Komanso kuno timakonda kuika maseva onse awiri mu rack imodzi, chipinda chimodzi, jenereta imodzi. Amene tinaona laibulale ya Mzuni ku Luwinga itapsa mu Disembala 2015 tikudziwa kuti moto sufunsa kuti kope loyamba ndi liti.

Veeam ndi mapulogalamu anzake a bakapu ndiye bakapu yeniyeni tsopano, chifukwa imakubwezera ku Lachiwiri lapitalo zinthu zisanaonongeke. Imagwiritsa VSS, chida cha mu Windows, kuti database ijambulidwe ili bwinobwino, imadula ma log kuti disiki isadzaze, ndipo ndi Veeam Explorer umatha kutulutsa imelo imodzi yokha. Izi musazipeputse, chifukwa pempho lomwe timalandira kawirikawiri si loti seva yapsa, ndi loti achimwene ndithandizeni, ndafufuta imelo ya ma auditor ndipo akuifuna lero lomwe. Chofunika n'choti malo osungirawo akhale hardened repository ya Linux, yomwe mafayilo safufutika mpaka masiku omwe mwaika atakwana, ndipo isalowe mu domain. Mukaiika pa NAS (bokosi la madisiki la pa netiweki) yomwe ili share ya Windows, aliyense n'kumaiona pa netiweki, mwangowasonkhanitsira akuba katundu pamodzi.

A Dovecot nkhani yanu ndi ina pang'ono. Maildir, njira imodzi yosungira imelo pa Dovecot, imasunga imelo iliyonse ngati fayilo payokha, ndiye seva yaikulu imakhala ndi timafayilo mamiliyoni ndipo rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, imatha usiku wonse ikungowerenga maina, kukucha isanamalize, ina n'kuyambanso pamwamba pake. ZFS, njira ina yosungira mafayilo pa disiki, imaposa apa chifukwa kujambula snapshot (chithunzi cha data yonse panthawiyo) ndi kanthawi kochepa ndipo zfs send imatumiza ma block okhawo omwe asintha. A Zimbra onetsetsani kaye kuti muli ndi iti, chida cha bakapu cha zmbackup chili mu Network Edition yolipira, yaulere ija ilibe.

Cloud. Apa mpamene timakangana. Ena amati tingosamukira ku Microsoft 365 mavuto athe, ndipo pa nkhani ya magetsi akunena zoona, tonse tikukumbukira mdima wa 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, madizilo a jenereta ankatha ngati madzi. Koma Exchange Online, imelo ya mu Microsoft 365, imasunga zofufutidwa masiku 14, mukakweza ndi 30, kupitirira apo muyenera kuika retention (lamulo losunga imelo nthawi yaitali) kapena kugula bakapu ina pambali. Ndipo akuluakulu nawo amagwa. Mu Marichi 2021 data centre ya OVH ku Strasbourg inapsa ndipo ena omwe bakapu yawo inali pamalo omwewo anataya zonse. Mu Disembala 2022 Hosted Exchange ya Rackspace inagwidwa ndi ransomware, makasitomala anauzidwa kuti asamukire ku Microsoft 365 imelo zakale zikadali zotsekeka.

Nanga kungotumiza bakapu yokha ku AWS ya ku Cape Town kapena Azure ya ku Johannesburg, seva ili konkuno? Kutumiza kulibe vuto, usiku uliwonse zimapita zosintha zokha. Vuto ndi tsiku lobweza. Tengani calculator: 10 TB pa laini ya 100 Mbps ndi masiku opitirira 9, ndipo apo tikuganiza kuti laini ili full usana ndi usiku, fibre sinadulidwe pena pake pa M1, komanso palibe wina mu ofesi akuonera mpira pa YouTube. Mukasankha zotchipa ngati Glacier Deep Archive ya AWS mudikirenso maola okwana 12 data isanayambe n'kutuluka komwe, kenako mulipire yotulutsira. Zonsezi ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 bilu yomweyo inangokwera yokha, ndiye muonjezere kudikira forex ku banki akaunti ili pafupi kutsekedwa. Komanso imelo za anthu kutuluka m'dziko muno, funsani kaye a legal za Data Protection Act ya 2024.

Tepi anthu amaiseka kuti n'zachikale koma ine ndimaiikira kumbuyo. Tepi imodzi ya mtundu wa LTO-9 imanyamula 18 TB osaipanikiza, imakwana m'thumba la jekete, ndipo ikatuluka mu drive palibe hacker angaifikire pa intaneti. 10 TB yomwe ija, ili pa tepi, ikakwera basi m'mawa ku Lilongwe madzulo yafika pa Katoto. Zovuta zake zilipo: drive yake ndi yodula, ikafa simuipeza m'mashopu a mtauni muno, kufunafuna imelo imodzi pa tepi ndi chintchito, ndipo drive ya LTO-9 imawerenga LTO-8 ndi LTO-9 basi, ndiye amene muli ndi mulu wa LTO-6 musataye drive yakale. Chinyontho cha kuno nachonso, nthawi ya chifunga ija, tepi yosungidwa mu kabati ya pakhoma lonyowa siyikhalitsa.

Ine ndalama zitakhala zochepa ndingayambe ndi Veeam kapena ZFS pa makina apadera mu nyumba ina, kenako tepi ya sabata iliyonse yopita kunja kwa Mzuzu, DAG pambuyo, cloud ya zinthu zochepa zofunikitsitsa zokha. DAG ndaiika pambuyo dala: imelo kuzima theka la tsiku mabwana amakalipa n'kuiwala, koma imelo za zaka zisanu kusowa ndi nkhani ya board.

Chinanso, Exchange siyidzuka popanda Active Directory, kaundula wa maakaunti a Windows, ndiye domain controller, seva yosunga kaundulayo, ikhale mu bakapu yomweyo, pamodzi ndi ma certificate, ma key a encryption ndi login ya komwe mumasinthira MX record, yomwe imauza maseva ena komwe atumize imelo zanu. Zimenezi zilembedwe papepala zikhale mu safe, osati mu imelo ya pa seva yomweyo. Mukamayesa kubweza pa makina ena, yambani ndi domain controller, kenako database yaikulu kwambiri, ndipo muyike wotchi kuti mudzawauze mabwana maola enieni.