Makina a ICP-MS patatha chaka: selenium, argon ndi kalata ya wogulitsa

Kalata ya mtengo wa mgwirizano wokonza makina athu a ICP-MS, omwe timayezera kuchuluka kwa zitsulo ndi michere m'madzi, m'zakudya ndi m'dothi, m'chaka chachiwiri yafika sabata ino, ndipo ndi imene yandichititsa kulembanso, chifukwa ndemanga yanga yoyamba ndinailemba makinawa akadali atsopano, tisanalipire bilu iliyonse.

Pa madzi a m'mijigo palibe chodandaula, popeza mtovu ndi arsenic timaziyeza pansi kwambiri pa malire a bungwe la WHO, omwe ndi mamaikulogalamu 10 pa lita. Kuyeza tizidutswa tating'onoting'ono kamodzikamodzi kukuyendanso bwino. Makinawa amawerenga pa mamaikulosekondi 100 alionse, choncho kadutswa ka golide ka mananomita 60 kakapsa m'plasma, womwe ndi mpweya wa argon wotentha kwambiri wa m'makinawa, kamaoneka pakokha, bola m'mawa uliwonse muyeze kuchuluka kwa sampulo imene ikufikadi m'plasmamo, chifukwa yambiri imatayika m'njira.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi selenium, mchere umene thupi limaufuna pang'ono chabe. Tinagula makinawa makamaka chifukwa cha iyeyo, pakuti kafukufuku wa Allan Chilimba ndi anzake wa mu 2011 anasonyeza kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa, kupatula cha m'dothi lina la m'chigwa cha Shire. Wogulitsa anatitsimikizira kuti chipinda cha helium chimene chili m'kati mwa makina chimachotsa zonse zosokoneza kuyeza. Pa chimanga zinali zoona, pakuti helium amachepetsadi maatomu a argon ogwirana awiriawiri amene amagwera pa kulemera kwa 78, pomwe timawerengera selenium. Koma titayamba kuyeza dothi, zotsatira za masampulo ena zinkakwera mopitirira zimene dothi lotere lingakhale nazo, ngakhale titasintha makoni (tizitsulo ta kabowo timene sampulo imadutsamo ikachoka m'plasma), asidi ndi machubu.

Gwero la vutoli ndi gadolinium wolemera 156, chitsulo chimene chimapezeka m'dothi lina. Akataya maelekitironi awiri m'plasma, makina amamuona ngati wolemera theka lake, lomwe ndi 78, ndipo helium samugwira. Neodymium ndi samarium olemera 150 amachitanso chimodzimodzi pa arsenic wa 75. M'dziko limene lili ndi miyala ya zitsulo zimenezi ku Kangankunde ndi kuphiri la Songwe, iyi si nkhani yoti wogulitsa aziisiya m'tsamba lakumapeto la buku la malangizo. Katswiri wawo atabwera, patadutsa nthawi yaitali tikumuyembekezera, anavomereza vutoli mosavuta, kenako anatiuza kuti yankho lenileni ndi makina a zosefera ziwiri amene anayamba kugulitsidwa mu 2012, omwe amaphatikiza selenium ndi okosijeni n'kumuwerengera pa 94. Sananame, koma zimenezi zinayenera kunenedwa tisanalipire. Pakali pano timayeza gadolinium payekha n'kuchotsera gawo lake pa masamu, zomwe zimathandiza pamene selenium ali wochuluka, koma pa dothi losauka, lomwe ndi limene tikufuna kulidziwa bwino, sindikhulupirira kwenikweni manambalawo.

Argon nayenso amadya ndalama. Plasma imafuna malita 15 kapena kuposerapo pa mphindi, kotero silinda yaikulu imatha pa maola 10 okha kapena kuyandikira pamenepo, ndipo tsopano timasonkhanitsa masampulo a masiku angapo tisanayatse.

Tsiku limene tayeza madzi ndi chimanga ndimaona kuti ndalama zathu sizinapite pachabe, koma tsiku la dothi ndimalakalaka tikanadikira chaka china n'kugula makina okwera mtengowo. Mgwirizano watsopanowu sindinausayine. Ndawalembera kuti pa mtengo umene atchulawo aphatikizepo makoni atsopano ndi kuphunzitsa anzanga awiri kakonzedwe ka masamu a gadolinium, ndiponso alembe m'mgwirizanomo masiku amene katswiri wawo ayenera kufika tikamuitana. Akakana, tizilipira ulendo uliwonse pawokha.