Row-column kapena vector-radix: FFT ya chithunzi tiiwerengere ndi iti?

Chithunzi cha mapikiseli 1024 m'litali ndi 1024 m'lifupi, mukati muwerengere DFT yake (Discrete Fourier Transform, masamu ogawa chithunzi kukhala mafunde a ma frequency osiyanasiyana) osadulira paliponse, kompyuta ichulukitsa manambala maulendo oposa 1 thiriliyoni. Palibe amene amatero. Nkhani imagona pa njira yodulira.

Yozolowereka ndi row-column. Mumatenga FFT wamba (Fast Fourier Transform, njira yachangu yowerengera DFT), ija ya Cooley ndi Tukey ya mu 1965, n'kuiyendetsa pa mzere uliwonse wopingasa, kenako pa uliwonse wotsika. Onse pamodzi ndi ma FFT 2048, ndipo kuchulukitsa kuja kumatsika kufika pafupifupi 10.5 miliyoni.

Vector-radix, yomwe inatuluka cha mu 1977, siyendera mbali imodziimodzi. Imagawa chithunzi chonse panayi, chigawo chilichonse n'kuchigawanso panayi, mpakana pansi. Pamene row-column ikuchulukitsa kanayi, iyo imachulukitsa katatu, choncho imathera pa 7.9 miliyoni. Deta ikakhala ya mbali zitatu, ngati ya MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, ntchito yopulumuka imakwera kuchoka pa 25 peresenti kufika cha pa 42. Kuphatikiza kokha ndiko sikuchepa ngakhale pang'ono. Palinso polynomial transform ya Henri Nussbaumer, yochepetsa kuchulukitsa kuposa apa, koma kuilemba kwake n'kozunguza mutu ndithu.

Powerenga chonchi vector-radix yapambana. Komatu purosesa ya masiku ano sivutika ndi kuchulukitsa. Chomwe chimaidyera nthawi ndi kudikira manambala ochokera ku memory. Vector-radix imatola manambala anayi otalikirana pa sitepe iliyonse, ndiye cache, memory yaing'ono yothamanga ya mu purosesa, siithandiza kwenikweni. Row-column nayo imapunthwa pa mizere yotsika, koma mankhwala ake alipo: kutembenuza deta kuti yotsika ikhale yopingasa, kapena kutenga mizere ingapo nthawi imodzi. Komanso mizereyo sidalirana, moti mutha kuigawira ma core onse a purosesa, ndipo chithunzi cha 1920 ndi 1080 sichiivuta, pomwe vector-radix imakonda mbali zofanana. N'chifukwa chake sindidabwa kuti FFTW, laibulale ya mapulogalamu a FFT yomwe Matteo Frigo ndi Steven Johnson analemba ku MIT, imayendera mbali imodziimodzi, mwa row-column.

Ngati mukulemba pulogalamu ya pa kompyuta wamba, tengani row-column. Vector-radix muiganizire pokhapokha mukupanga chipangizo cha FPGA (chip chomwe mumakonza nokha kagwiridwe ka mkati mwake) chokhala ndi zochulukitsira zochepa, pomwe kukula kwa deta sikusinthasintha.