Sikelo ikaima pambuyo pa gastric bypass: ndemanga yanga pa uphungu wa kuchipatala

Chithandizo chimene ndikuunika pano ndi ndondomeko ya uphungu imene chipatala chomwe chinandichita opaleshoni yochepetsa kunenepa yotchedwa gastric bypass chimapereka kwa odwala ake akatuluka, makamaka gawo lothandiza anthu amene kulemera kwawo kwasiya kutsika. M'ndondomekoyi muli katswiri wa kadyedwe, namwino woona za mankhwala ndi kuyezetsa magazi, mlangizi wa za maganizo, komanso misonkhano ya odwala okhaokha. Ndaiona kuti ndi yothandiza, ndipo phindu lake lalikulu lagona pa chinthu chimodzi: asanakuuzeni kuti musinthe chilichonse, amayamba afufuza kaye ngati kuimako kuli kwachibadwa kapena pali chimene chasokonekera.

Pa opaleshoniyi dokotala amadula chifu n'kusiya kathumba kakang'ono ka mamililita pafupifupi 30, kenaka amakalumikiza ku matumbo aang'ono, moti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chigawo choyamba cha matumbowo. M'miyezi yoyambirira thupi limatsika mofulumira kwambiri, ndipo munthu amazolowera kuona nambala yatsopano nthawi iliyonse akakwera pa sikelo. N'chifukwa chake tsiku limene nambalayo yakana kusuntha, ambiri amayamba kuganiza kuti opaleshoni yalephereka kapena kathumba kaja katanuka.

Kuima koyamba, kumene ambiri amakumana nako cha m'sabata yachitatu, namwino anandifotokozera momveka bwino pafoni. Munthu akamadya zochepa kwambiri, thupi limayamba kudya shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shugayo imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Makilogalamu oyamba aja ambiri mwa iwo amakhala madzi, choncho thupi likayamba kubwezera nkhokwe yakeyo madzi amabwereranso, sikelo n'kuima ngakhale mafuta akupitirira kuchepa. Langizo lake linali lakuti ndisasinthe kanthu, ndipo zinayendadi monga ananenera.

Kuima kumene kunandionetsa luso lenileni la ndondomekoyi ndi kwachiwiri, kumene kunabwera chaka chisanathe ndipo kunatenga nthawi yaitali. Katswiri wa kadyedwe anandipempha kuti ndibwere ndi kabuku kolembamo zonse zimene ndadya ndi kumwa, pamodzi ndi nthawi yake. Nditafika sanathamangire kundikweza pa sikelo. Anatulutsa tepi yoyezera, n'kundiyeza chiuno, ntchafu ndi mkono, ndipo atayerekeza ndi manambala a m'fayilo anati, “Mayi, chiuno chikutsikabe ichi, tisafulumire kudandaula.” Kenaka anatenga pensulo n'kuyamba kuzunguliza mizere m'kabuku kaja, kuwerengera mapuloteni a tsiku lililonse m'mphepete mwa tsamba. Chimene anapeza n'chakuti, popeza zakudya zolimba zinkandivutabe m'kathumbamo, kadyedwe kanga kanali katapendekera ku zofewa ndi zamadzimadzi, zomwe zimadutsa msanga osakhutitsa, motero njala imabwera mofulumira ndipo mapuloteni sankakwana.

Zimene anasintha zinali zochepa, ndipo izi ndinazikonda, chifukwa munthu wokhumudwa kale sangasenze malamulo ambirimbiri. Anati mapuloteni asachepere magalamu 60 patsiku ndipo azikhala oyamba kudyedwa pa mbale, madzi afike malita 1.5 koma asamwedwe pamodzi ndi chakudya, ndipo ndizidikira mphindi 30 ndikatha kudya ndisanamwe kalikonse, popeza madzi amakokolola chakudya m'kathumba n'kusiya malo oti munthu adyenso. Anandikaniza mwamphamvu maganizo obwerera ku zamadzimadzi zokhazokha, njira imene anthu ena amalimbikitsana ati pofuna kuchepetsanso kathumba. Anati palibe umboni wakuti njirayo imachepetsa kathumbako, ndipo chimene imachita n'kudya minofu.

Nkhani ya minofuyi anaikhalira pansi. Munthu akaonda mofulumira amataya mafuta pamodzi ndi minofu, ndipo thupi lopepuka, la minofu yochepa, limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa ngakhale munthu atangokhala. Mahomoni nawonso amasintha, thupi n'kuyamba kuumira mphamvu ngati munthu amene malipiro ake adulidwa. Choncho chakudya chimene chinkakuondetsani poyamba chimafika pongokwanira kusunga thupi pamene lili. Pa chifukwa chimenechi anandiuza kuti kuyenda kokha sikukwanira, ndipo pa mphindi 150 za masewera olimbitsa thupi pasabata zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa, ndiwonjezerepo masiku awiri onyamula zolemera kapena kukoka malamba otanuka.

Gawo la namwino ndi lachidule koma losalumphika. Amayeza ayironi, vitamini B12, vitamini D, kashiamu ndi chithokomiro, pakuti munthu wochepa magazi amakhala wofooka ndipo sangalimbikire masewera. Amafunsanso za tulo, za mowa, ndi za mankhwala ena amene amanenepetsa, monga insulin ndi ena a matenda a maganizo. Ngati zonsezi zili bwino koma thupi layamba kukwera, amatumiza munthu kwa dokotala kuti akamuone ndi kamera yolowetsa kukhosi ngati kathumba kapena polumikizira paja pakula, ndipo ena amapatsidwa mankhwala ochepetsa chilakolako cha chakudya monga liraglutide kapena semaglutide. Ine sindinafike pamenepo.

Chinanso chimene ndikuwayamikira n'kusabisa chilungamo. Anandiuza mosapita m'mbali kuti kuima kwina ndi komaliza, chifukwa kulemera kwa ambiri kumafika pansi penipeni pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri chichitikireni opaleshoni. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden wotchedwa Swedish Obese Subjects, amene anayamba mu 1987, anapeza kuti ochitidwa gastric bypass anataya pafupifupi 32 peresenti ya kulemera kwawo pa nthawi imeneyo, ndipo patatha zaka 10 anali otsikabe ndi 25 peresenti. Manambala amenewa ndi owawa kwa munthu amene ankalota thupi la ubwana wake, komabe ndi abwino kuwamva kuchokera kwa katswiri kusiyana ndi kudzizunza pofuna nambala imene opaleshoni sinalonjeze.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu chili pa uphungu wa za maganizo. Kuti munthu aonane ndi mlangizi amadikira nthawi yaitali, pamene masiku amene sikelo yaima ndi omwe mtima umagwa ndipo chizolowezi chakale chodyera nkhawa chimagogoda pakhomo. Misonkhano ya odwala nayo imasakaniza amene angochitidwa kumene ndi amene atha zaka, moti wina akamasangalala ndi makilogalamu amene wataya mwezi umenewo, mnzake amene waima amangozyolika. Kukanakhala bwino akanawagawa m'magulu. Mapepala a malangizo amene amapereka ndi ofanana kwa aliyense, ndipo sanena kanthu kwa wogwira ntchito usiku kapena wosadya nyama, ngakhale katswiri wa kadyedwe amakonza zimenezi mukakumana naye maso ndi maso.

Kwa ine sikelo inayambanso kutsika, koma pang'onopang'ono, osati ngati poyamba. Amene kulemera kwake kwaima kupitirira mwezi, kapena amene wayamba kukwera, ndingamulimbikitse kulowa m'ndondomeko yotereyi, apite ndi kabuku kolembedwa moona mtima ndi mndandanda wa mankhwala onse amene akumwa, ndipo tsiku lomwelo alembetseretu kwa mlangizi wa za maganizo poti mzere wake ndi wautali.